Bwana Anali Pansi pa Mulu

Bambo Silvester, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Lizulu, anagula bokosi la makhadi a masewera a zilombo pa kaunjika. M'menemo munali khadi limodzi lomwe ankalitchula mwaulemu kuti Bwana: chinjoka chagolide cholavula moto. Makhadi ena onse a mulu wawo anawasankha kuti azitumikira Bwana basi, achule otchinga adani ndi mbewa zokawaitana.

Loweruka masana anakhala pansi kuti asewere ndi mlamu wawo Eliness, wogulitsa mbatata, yemwe anatenga makhadi otsala m'bokosimo. Anapangana kuti wogonja asenza thumba la kachewere mpaka pa siteji, msika wonse ukuona.

"Alamu, konzeranitu nkhata. Bwana akangotuluka, zanu zada," anatero Bambo Silvester.

"Ndapota kale, yoyeza mutu wanu," anayankha Eliness.

Bambo Silvester anatola khadi, linali chule. Anatolanso, mbewa. Thukuta linayamba kutsikira m'kolala.

"Akubwera. Akuluakulu safika msanga."

Akudikira choncho, achule ndi mbewa zija zinkangoluma zilombo za Eliness pang'onopang'ono, mpaka zonse zinatha. Eliness anaponya makhadi ake, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

"Mwandidya ndi mbewa, alamu! Nanga Bwana wanuyo ali kuti?"

Eliness anatembenuza mulu wa makhadi a mlamu wake. Bwana anali pansi penipeni. Bambo Silvester anawapukuta ndi mpango n'kuwalowetsa m'thumba la malaya.

"Utsogoleri ndi umenewu. Ntchito yonse yatheka iwo osadzuka n'komwe."

Eliness anasenza thumba akusekabe. Bambo Silvester anatsogola, manja kumbuyo, akupatsa moni aliyense.