Nkhope ya Tadala

"Ikulitseni pang'ono, mwina ndimuona bwino," anatero Elube atatsamira pakauntala.

Anwar anakoka chithunzicho ndi zala ziwiri pagalasi la foni. Nkhope ya mwanayo inakula, koma inangosanduka chifunga. Maso anali timadontho tiwiri takuda, pakamwa ngati pofufutidwa ndi chala chonyowa.

"Mayi, foni imene munajambulira inali yotopa," anatero Anwar, amene ankatsuka zithunzi pakona m'sitolo ya bambo ake pa Kasakula, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo. "Komanso mwanayu ankathamanga."

"Sankakhala pansi ameneyu," anayankha Elube.

Tadala, mwana wa Elube, anamwalira ndi malungo chaka chapitacho, asanakwanitse zaka zitatu. Chithunzi chake chinali chimodzi chokhacho: ali pabwalo, wavala diresi yachikasu, akupirikitsa nkhuku. Lamlungu likudzalo kunali Misa ya chikumbutso chake, ndipo Elube ankafuna chithunzi cha m'felemu choti adzaike patebulo anthu akadzabwera kunyumba.

"Pali pulogalamu ina imene imakonza zithunzi zotere," anatero Anwar. "Koma ndikuuziretu, pamene sipakuoneka imangoganizira yokha."

"Iganizire basi. Bola ndimuone."

Anwar anasamutsira chithunzicho pakompyuta yake, n'kudina apa ndi apo. Chifunga chija chinayamba kuyera. Panatuluka kamtsikana ka maso aakulu onyezimira, nsidze zooneka tsitsi lililonse, khungu loyera losalala, mphuno yosongoka. Kankaseka.

Elube anagwira pakamwa. Kanthu kena mumtima kanamunong'oneza kuti mphuno ya Tadala inali yophwatalala kuposa pamenepo, koma misozi inali itatsika kale. Panali patatha chaka asanaone maso a mwana wake.

"Ndi yemweyu?" anafunsa Anwar.

"Ndi yemweyu."

Pobwezera chatsopanocho mufoni ya Elube, foniyo inakana kuti yadzaza.

"Chotsani chachifungacho," anatero Elube. "Ndichitenso nacho chiyani?"

"Mwatsimikiza, mayi?"

"Chotsani."

Anakwera phiri lobwerera kumudzi felemu ili pachifuwa, ataikulunga m'chitenje kuopa fumbi. Elube kwawo kunali ku Chisepo. Kuno anabwera chitengwa, ndipo pakhomo pa mwamuna wake Kalisto mawu aakulu anali a Manesi, mlongo wake wamkulu wa Kalistoyo. Chimwalirireni Tadala, Manesi ankakonda kuyang'ana pamimba pa Elube asanamupatse moni.

Anamupeza Manesi pakhonde akuswa mtedza ndi amayi ena awiri oyandikana nawo.

"Alamu, taonani," anatero Elube akuvundukula chitenje. "Akonza bwino zedi."

Manesi anapukuta manja, n'kulandira felemuyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaipatsira mnzake, milomo itapindika.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero. "Mwana wa ndani ameneyu, alamu?"

"Ndi Tadala."

"Kuti ndi Tadala ndikuona, diresi ndinagula ndine. Ndikufunsa kuti ndi wa ndani. Mphuno iyi kwathu kuno kulibe. Koma ndikuidziwa. Ndimaiona ndikapita kokagula mchere."

Mmodzi wa amayi aja anaseka, n'kudzibisa ndi nsalu. Aliyense ankadziwa kuti a kusitolo kwa Anwar ndi oyera khungu, ndiponso kuti Elube ankagulitsa tomato pakhonde la sitoloyo asanatenge mimba.

"Alamu, musatero. Ndi makina angokonza."

"Eya, makina. Makina alibe chibale, saopa munthu. Ife chikondi chinatiphimba m'maso. Ine ndinkaona kuti mwanayu akuyererako, ndinkangoti ndi mafuta odzola. Madzi saiwala khwawa."

Kalisto anatulukira kuchokera kuchigafa komwe ankasankha fodya, manja ali bii. Anali munthu wosalankhulalankhula. Chiikireni maliro sanatchulepo dzina la mwana wake, ndipo nsapato zazing'ono za mwanayo anazibisa yekha pamwamba pa denga. Manesi anamupatsa felemu.

Kalisto anayang'ana. Chala chake chinasiya chidindo chakuda pagalasi, pafupi ndi tsaya la mwanayo.

"Tandionetsani chakale chija," anatero motsitsa.



"Ndachichotsa, bambo a Tadala. Foni inadzaza."

"Mwamva, achimwene?" anatero Manesi. "Chakale achotsa. Wachotsa ndani? Yemwe uja wa kusitolo. Atsekerana awiri pakona, akonza mwana wawo mmene akumudziwira, atibweretsera ife kuti tilire nawo."

"Bambo a Tadala," Elube anagwada pafupi ndi mwamuna wake. "Munkamunyamula paphewa popita kudimba. Mphuno yake inali yanu. Anthu ankakusekani kuti mwadzibala nokha. Simukukumbuka?"

Kalisto sanachotse maso pachithunzicho.

"Sindikudziwanso chimene ndikukumbuka," anatero. Anaika felemu pansi chafufumimba, n'kubwerera kuchigafa.

Pofika Lachisanu nkhani inali itafika kuchigayo ndi kumjigo. Ena ankati mwanayo anabadwa ndi tsitsi lofewa. Mayi wina amene anathandiza kusambitsa mtembo ankalumbira kuti anadabwa kuyera kwa mapazi ake. Anthu ankabwera pakhomo ngati odzapepesa, koma akangokhala pansi ankapempha kuona chithunzi, ndipo Manesi ankachitulutsa mosanyinyirika.

Elube anatsikira ku Kasakula kukapempha chakale chija.

"Pepani, mayi," anatero Anwar atamva zonse, nkhope itagwa. "Zithunzi za anthu sindisunga. Ndikatsuka ndimafufuta. Koma ndibwera ndidzawafotokozere."

"Mwina musabwere."

"Ayi, ntchitoyi ndinagwira ndine."

Anafika Loweruka masana panjinga yamoto. Anapereka moni mwaulemu, n'kukhala pampando umene anamupatsa. Anthu anadzaza pabwalo ngati pali mlandu.

"Bambo," anayamba Anwar akuyang'ana Kalisto, "pulogalamu imeneyi inaphunzira pa nkhope za anthu ambirimbiri a maiko ena. Ikapeza pamene sipakuoneka, imabwereka mphuno uku, khungu uku, n'kumata. Mwana wanu sinamuonepo. Chimene mukuonacho si iye ndendende."

"Ndiye mwatigulitsa bodza?" anafunsa Manesi.

"Ndinawachenjeza mayiwa."

"Ngati ndi bodza, mayi ake enieni analirira chiyani n'kunena kuti ndi yemweyu? Mayi angasokoneze mwana wake?" Manesi anatembenukira kwa anthu. "Ndipo pa anthu ambirimbiriwo, makina anasankha bwanji kubwereka mphuno ya bambo awa?"

Ananyamula felemu n'kuiimika pafupi ndi nkhope ya Anwar. Anthu anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku. Wina kumbuyo anaimba mluzu.

"Tsiku la msika, sitolo yodzaza, munthu n'kusiya makasitomala kuthamangira mwana wa eni," anapitiriza Manesi. "Mtima wabwino wotere ndinauona kuti?"

Anwar anaimirira. Anafuna kunena kanthu, koma anaona kuti liwu lililonse likungowonjezera nkhuni pamoto. Analiza njinga yake n'kumapita, ana akumukuwiza mpaka kumsewu.

Kalisto anadikira kuti fumbi likhazikike.

"Mawa kutchalitchi musakhale pafupi ndi ine," anauza mkazi wake.

Koma kutchalitchiko Kalisto sanapite n'komwe. Elube anakhala yekha pabenchi yakumbuyo. Wansembe atatchula dzina la Tadala pakati pa omwalira, mitu inatembenuka kuyang'ana iye, ndipo ena anagwedezana ndi zigongono. Kunyumba sikunabwere munthu. Thobwa limene anaphikira alendo linasasa mumtsuko.

Ankhoswe atakumana sabata yotsatirayo, nkhani sinatalike. A kuchimuna anati mkaziyo ayambe wapita kwawo, mitima ikazizira adzamuitana. Aliyense anamva tanthauzo lake. Manesi ndiye anamuthandiza kulongedza, mwachangu ngati wothawa mvula, ndipo pomaliza anaponya felemu ija pamwamba pa zovala.

"Tengani wanuyu. Mapanga awiri avumbwitsa, alamu."

Kalisto anali kumunda. Sanabwere kudzatsanzika.

Elube anafika ku Chisepo dzuwa litapendeka. Amayi ake, amene miyendo inali itawavuta kwa zaka, anamulandira pamphasa. Iwo anali atangomuonapo Tadala kawiri, ali wakhanda ndiponso atayamba kukwawa, ndipo kumaliro sanathe kupita. Elube anangowauza kuti kubanja kwavuta. Zambiri anati anena mawa.

Akumasula katundu, felemu inatsetsereka n'kugwera pamphasa. Amayiwo anaitola, n'kuiyandikiza kumaso.

"Mayo ine, mdzukulu wanga!" analira. "Anakula chonchi? Taonani maso akewo. Ndi yemweyu, Tadala wanga, sanasinthe ngakhale pang'ono."

Elube anatsegula pakamwa kuti awauze. Anatseka maso kuti ayambe waona mwana wake weniweni, wa mphuno yophwatalala uja, kuti awafotokozere bwino mmene analili. Anaona diresi yachikasu. Anaona timiyendo tafumbi, ndi nkhuku ikuthawa. Koma nkhope imene inatembenuka kumuyang'ana inali yoyera, yosalala, ya m'felemu.

Anayesanso. Inabwera yomweyo.

"Pali msomali apo pamwamba pa wailesi," anatero amayi ake akupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje. "Tandipachikira, mwana wanga, ndizimuona ndikadzuka."

Elube anaimirira, n'kupachika.