Malata Anauluka

"Onani bwino, amake Kondwa. Imodzi ni ya droni yakale, ina ni ya Pro. Yooneka bwino ni iti?"

Robson anali atagwira foni pafupi ndi mphuno ya mkazi wake. Cecilia anapukuta manja pachitenje n'kuyang'ana. Mavidiyo onse awiri ankaonetsa nyumba yawo ya ku Silverest kuchokera kumwamba: zipinda ziwiri zofolera, zitatu zili yasa.

"Iyi," analoza.

"Iyo ni yakale!"

"Nanga munifunsira chani?"

Robson ankajambula maukwati ndi mapuloti ogulitsa. Droni yake yakale, kandege kojambulira kuchokera kumwamba, inkagwira ntchito bwinobwino, koma anaigulitsa, n'kuphatikizapo ndalama za malata osauza mkazi wake. Anabwera kunyumba ndi katoni yolembedwa Pro ndi zilembo zagolide.

"Pa foni simungaone kusiyana," anatero. "Ifunika TV yaikulu."

"Makasitoma anu ali nayo? Onse aonera pa WhatsApp. Mitambo yayamba, imwe mwagula dzina. Chikomekome cha mkuyu, atate ake a Kondwa!"

"Ibweza yokha ndalama. Mvetserani."

Anaimbira Nason, wogulitsa mapuloti yemwe ankamupatsa ntchito kawirikawiri, n'kukweza mawu a foni kuti Cecilia amve. Anamuuza kuti tsopano mtengo wakwera chifukwa makina ndi a akatswiri.

Nason anaseka mpaka kutsokomola. "Ba Robson, anthu anga afuna kuona msewu na pothera puloti, basi. Thengo ni thengo, olo mulijambule na Pro. Mtengo ni uja wakale. Mukakana, niitana wina."

Cecilia anabwerera pa beseni la zochapa. Anangopitiriza kuchapa, koma ankafinya malaya ngati amulakwira.

M'mawa mwake Robson anakwera minibasi ya ku Lusaka, katoni ili pamiyendo, kukabweza droniyo ku sitolo kumene anaigula. Mwini sitolo anaitembenuzatembenuza droniyo, n'kunena kuti akhoza kuitenga pa theka la mtengo.

"Theka? Mwezi sunathe! Munaniuza kuti iyi ni ya akatswiri."

"Inali, bwana. Manje kwabwera Pro Plus. Akatswiri onse asamukira kumeneko."

"Isiyana chani na iyi?"

"Mukajambula kukuchita mdima, muona. Batire ikhalitsako pang'ono. Wonjezeraniko chabe, nikupatseni."

"Ine nijambula masana, dzuwa lili pamutu!"

"Ndiye yakale ija inakukwanirani," anatero mwini sitolo uku akutembenukira kwa kasitoma wina.

Robson anaima pamenepo akumuyang'ana. Mawu amenewo akanawamva mwezi wathawo, bwenzi nyumba itafoleredwa. Anabweza droni m'katoni n'kutuluka.

Mvula inamupeza akutsika minibasi. Anavula jekete n'kukulunga katoniyo, iye akunyowa. Kunyumba anapeza Cecilia m'chipinda chopanda denga, madzi akutsika kumaso, akukoka yekha thumba la simenti kuti lisaume ngati mwala.

Anayang'ana jekete, anayang'ana mwamuna wake.

"Abweza?"

"Akuti theka."

"Musagulitse. Muwaimbire ba Nason, muvomere mtengo wakale. Maukwati, maliro, olo mbuzi yasowa, jambulani. Ndalama ikalowa, ibwere m'manja mwanga, nipite nayo nekha kogula malata."

Robson anatsegula pakamwa, koma bingu linamutsogolera. Anaika katoni pouma, n'kugwira mbali ina ya thumbalo.