Chipinda cha Apongozi Sichikufunda

Nyumba imene Ellard ndi mkazi wake Maness ankachita lendi ku Balbriggan, tauni yozizira ya kutsidya kwa nyanja, inalibe mahita a kukhoma. Kutentha kunkachokera pansi, m'mapaipi a madzi otentha okwiriridwa m'simenti. Mapaipi onsewo ankakumana m'kakabati pafupi ndi bafa, iliyonse ndi valavu yake yotsegulira ndi kutsekera madzi, koma amene anawaika sanalembepo kuti iyi ikupita chipinda chiti.

Vuto linaoneka atabwera mayi Nachisale, amayi ake a Maness, kuchokera ku Ntcheu kudzalera khanda kuti Maness amalize maphunziro. Mwaulemu anawapatsa chipinda chachikulu cha kumapeto. Koma ulemuwo unali wozizira ngati m'firiji, pomwe kubafa munthu ankatuluka thukuta. Mayiwo sanadandaule. Ankangogona ndi juzi ndi sokosi, n'kumatsokomola, ndipo mdzukulu wawo Tupochele sanalowe naye m'chipindamo ngakhale kamodzi. Kenako anafunsa Maness chapansipansi ngati tikiti ya ndege imatheka kusintha.

Ellard mutu unaima. Apongozi akapita, sukulu ya Maness yathera pomwepo. Anatsegula mavalavu onse mpaka kumapeto, poganiza kuti chilungamo ndi kugawa mofanana. Kubafa kunasanduka uvuni, koma apongozi anapitiriza kutsokomola.

Hosea, mnzake wa kutchalitchi wochokera ku Zambia, anali ndi nyumba yotereyi. "Ba Ellard, manzi ni aulesi," anatero pa foni. "Yathamangila mu paipi ifupi, ija itali ya ku last room siyafuna. Valankoni zifupi pang'ono, muyakakamize."

Kutseka kuti kufunde! Ellard zinamuzunguza, komabe anayesa. Ankafinyako valavu imodzi, n'kudikira simenti imene imamva mochedwa, kenako n'kuyenda wopanda nsapato nyumba yonse kuti amve pamene pasintha. Nyumba yonse, kupatula chipinda chimodzi. Mkamwini woleredwa bwino salowa kuchipinda kwa apongozi, ndipo Ellard analeredwa bwino mopitirira. Maness ankakwera sitima m'mamawa kupita ku yunivesite ku Drumcondra, ndipo pobwera mapazi ake ankakhala atachita dzanzi ndi mphepo ya pasiteshoni, paliponse pamene waponda n'kumati pofunda.

Choncho Ellard ankaima patali, manja kumbuyo, n'kufunsa ngati kumeneko kwasinthako. Yankho linali limodzi: "Kuli bwino, bambo a Tupo." Akapotokola kumanja, kuli bwino. Akapotokola kumanzere, kuli bwino. Tsiku lina anazimitsa boila yotenthetsa madziwo mwangozi, nyumba yonse ili zii, apongozi anayankhabe kuti kuli bwino. Mapeto ake anaiwala valavu imene wagwira ndi imene sanagwire.

Chimene chinamupweteka chinabwera kudzera kwa Maness. Amayi akuti amuona kangapo atagwada pakabati akutseka zinthu, ndiye akufunsa ngati mwina mlendo wakhalitsa. Ellard misozi inalengeza. Munthu kuvutika chonchi, n'kuoneka ngati ukupirikitsa mlendo ndi mphepo!

M'mawa mwake anasiya kufunsa. Anayamba kutsata mapaipi ndi mapazi ake okha. Imene inkafunditsa bafa anaifinya kwambiri. Ya kukhitchini ndi ya pabalaza anazifinyako. Ya kuchipinda kwake ndi Maness anaifinyanso, kwinaku akuusa moyo. Inatsala imodzi imene sinkafunditsa paliponse pamene iye ankaloledwa kuponda. Imeneyo anaisiya yotsegula, ngakhale sankadziwa ngati ikupita kwa apongozi kapena ingozungulira pansi popanda ntchito.

Tsikulo linadutsa. Kuchipinda kwa Ellard ndi mkazi wake kunayamba kazizii, moti Maness anagona ndi juzi. Ellard anatsimikiza kuti wangowonjezera anthu ozizidwa.

Masana a tsiku lotsatira ali pabalaza akunyengerera Tupochele, anamva mapazi pakolido, phwa phwa, opanda sokosi. Mayi Nachisale anawerama pang'ono, n'kutambasula manja. Ananyamula mdzukulu wawo, n'kulowa naye m'chipinda chawo koyamba chibwerereni, n'kutseka chitseko.

Patapita kanthawi chitsekocho chinatsegukanso pang'ono. Dzanja linatuluka n'kuika pansi bulangete lawo lalikulu, lopindidwa bwinobwino.

"Ili muzifunda inu kumeneko, bambo a Tupo. Ndipo Maness akabwera, za tikiti zija asavutike nazo."