Mphuno ya Mayi a Ikram

A Latifu atapuma ntchito yoyendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, anabwerera kwawo ku Ngala manja ali lende. Akazi awo, a Zahra, ankagula usipa padoko, kuuyanika pathandala n'kukagulitsa kumsika. A Latifu ntchito yawo inangotsala yokhala pansi pa mtengo wa mango, kulangiza anthu osewera bawo amene sanawapemphe malangizo.

Kenako mwana wawo Ikram anawatumizira foni kuchokera ku Lilongwe. M'menemo anawaikira mapu oonetsa kumene mitambo ya mvula ikulowera, nawauza kuti zithunzizo zimachokera ku makina otchedwa rada: pobiriwira ndi mvula yowaza, pofiira ndi mkuntho. Pamapupo panalembedwa Nkhotakota, Dwangwa, Salima ndi Kasungu. Ngala panalibe. Zinawawawa masiku awiri, mpaka anapeza nzeru: akaika chala pa Dwangwa, pothera chikhadabo m'pamene panali kwawo.

Lachiwiri lina mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo, a Latifu anatsikira kudoko foni ili m'mwamba.

"Anulani nsomba! Chofiira chatifika pamutu!"

Amayi anawola usipa usanaume, asodzi anakokera mabwato kumtunda, onse n'kukhala pansi kudikira. Kumwamba kunangoti mbee mpaka dzuwa kulowa. Usipa wa a Mwajuma, oyandikana nawo nyumba, unayamba fungo m'matumba. M'mawa mwake Ikram anafotokoza pafoni kuti bandulo ya intaneti inatha Lachisanu, ndipo bambo ake ankaona mvula ya sabata yatha.

Dzina lawo linasintha tsiku lomwelo. "A Rada, lero tichape zovala?" ankafunsa amayi pachitsime. Ngakhale potuluka mumzikiti, anzawo ankayang'ana kumwamba, kenako n'kuyang'ana iwo. A Latifu ankaseka nawo, koma foni ija anasiya kutuluka nayo.

Patatha masabata atatu, atangoswali adhuhuri, pemphero la masana, anaitsegula kuchipinda. Bandulo inalimo, anaonetsetsa kawiri. Chofiira chinali pakati pa nyanja, chikukwawira kuchikhadabo chawo. Anasuzumira panja: mtambo ndi umodzi womwe. Anapita pathandala la akazi awo, naima ngati akuyamikira nsomba.

"Mayi a Ikram," ananong'ona, "ikubwera. Ola limodzi, akachuluka awiri."

"Ya sabata ino kapena yatha?"

"Wallahi, ya lero. Onani nthawi yalembedwa apa."

"Ndiye auzeni anthu."

"Ine? Pakamwa panga panatha ntchito padoko pano."

A Zahra anayang'ana foniyo, nayang'ana amuna awo, thukuta lili kamukamu. Anatenga dengu n'kuyamba kuwola usipa wawo mosafulumira, akung'ung'udza kanyimbo.

"Anzathu, mukuanuliranji dzuwa lonseli?" anafunsa a Mwajuma.

A Zahra anakweza mphuno cha kunyanja. "Kaya. Kamphepoka sikakundinunkhira bwino."

Tsono a Zahra anali atakhala padokopo zaka makumi awiri osaoletsapo nsomba. A Mwajuma anazungulirazungulira, kenako anatenga dengu lawo. Winanso anatenga lake. Posakhalitsa mathandala onse anali pululu, ndipo asodzi amene ankakonzeka kulowa m'madzi ataona amayi akuthamanga ndi madengu, anati tiyambe taona.

Isanakwane alasiri, pemphero la chakumadzulo, kunyanja kunada bii. Mphepo inafika poyamba, inasasula malata awiri pashedi ya padoko, kenako mvula inakhuthuka ngati yachita kutumidwa. Palibe bwato limene linali pamadzi, palibe nsomba imene inanyowa.

Anthu angapo anausa mvulayo pakhonde la a Latifu. A Mwajuma anawagwira paphewa a Zahra.

"Mwaona, a Rada? Rada yeniyeni muli nayo m'nyumba momwemo. Foni ija gulitsani, muzingofunsa mayiwa."

A Latifu anatsegula pakamwa. A Zahra anawapatsira kapu ya tiyi, n'kuwaponda chala pang'ono.

Alendo atapita, bamboyo anadandaula. "Bwanji simunawauze kuti ndine?"

"Mumafuna nsomba za anthu zipulumuke, kapena mumafuna dzina?"

"Zonse ziwiri."

"Sankhanipo chimodzi, bambo a Ikram. Zonse ziwiri n'zodula."

A Latifu anang'ung'udza mpaka chakudya chamadzulo, koma m'mawa mwake anadzuka okha n'kutsegula foni. Mpaka lero amatero: amawerenga mapu kuchipinda, amanong'oneza akazi awo, ndipo a Zahra amatsikira kudoko kukanunkhiza mphepo anthu akuwapenyetsetsa. Pabawo nkhani ya mphunoyo ikabuka, amene amaitama kuposa onse ndi a Latifu.

"Atsikana analipo ambiri ku Ngala kuno," amatero akusuntha nkhomo za eni ake. "Koma mphuno imeneyo ndinaisankha ndekha."