Khadi Yobiriwira

Bandeji ya pamimba pa amayi ake inali itanyowanso. Kachete anaiona, naibisa ndi bulangeti. Amayiwo anawachita opaleshoni ya chotupa, ndipo tsopano bala linkatuluka madzi onunkha.

"Adokotala abwera nthawi yanji?" Kachete anafunsa namwino chapansipansi.

"Akamaliza kumtunda," anayankha namwinoyo akukankha ngolo ya mankhwala. "Inshuwalansi yanu ndi ya khadi yobiriwira. A khadi yagolide, kumtundako, amaonedwa m'mawa uliwonse. Kuno n'kukatsala nthawi."

Khadiyo inali ya kuntchito kwa bambo ake, mlonda wa pafakitale. Kumtundako Kachete sankafuna kupondako. Dzulo lake anakumana pageti ndi mnzake wa m'kalasi, amene bambo ake anagonekedwa kumtundako, ndipo pakamwa panamuterereka: "Ifenso amayi ali kumtunda, chipinda chakumapeto."

Mayi wa pabedi loyandikana anadzutsa mutu.

"Iwe mtsikana, pakamwa anakusokanso ngati mimba ya amako? Kwera masitepewo ukamugwire malaya dokotalayo. Mwana wosalira amafera kumsana!"

"Musiyeni mwanayo, ndipirira," anatero amayi ake. Koma dzanja lawo linali lotentha ngati simbi.

Kachete anakwera. Kumtunda kunkanunkhira sopo, bedi lililonse ndi chipinda chake, makatani, wailesi yakanema. Mnzake uja anali pabenchi akuseweretsa foni.

"Kachete! Chipinda chanu n'chiti kodi? Chakumapetocho muli agogo ena ake aamuna. Kapena amako anamera ndevu?"

Nthawi yomweyo dokotala anatuluka m'chipinda china. Kachete anakaima kutsogolo kwake.

"Adokotala," anatero, "amayi anga ali pansi, wodi ya khadi yobiriwira. Bala latupa, likununkha."

Mnzake anasiya kuseka. Dokotala anayang'ana wotchi, kenako nkhope ya mtsikanayo.

"Tsogola."

Atamatula bandeji, dokotala anapukusa mutu n'kuitanitsa lumo ndi thonje. Ulusi wina anafunika kuumasula kuti mafinya atuluke. Amayi analuma m'mphepete mwa bulangeti, osafuula.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Dzulo," anayankha Kachete.

"Ukanabwera dzulo lomwelo, sitikanawatsegulanso."

Kachete anagwira beseni la mafinya ndi manja awiri, maso ali pansi, mpaka dokotala anamaliza. Kenako mtsikanayo anakalikhuthula, koma ulendo uno sanaliphimbe ndi nsalu monga ankachitira masiku onse.