Mitengo ya Mkamwini Wanga

Ndinanena ine. Ndinanena nkhwangwa isanalire. Koma mawu anga sanafike momwe ndinawatumira, chifukwa kwathu kuno mpongozi sayankhulana ndi mkamwini maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndimapatukira kutchire, iwonso amayang'ana kumbali. Choncho ndinaitanira mwana wanga Margret kuseri kwa nkhokwe.

"Ukawauze amuna ako kuti mitengo ya katope ya kumtsinje ija asaikhudze. Ndiyo yagwira gombe. Akaidula, madzi adya dimba lako."

Madzulo ndinamufunsa ngati wawauza.

"Ndawauza, amayi. Ndati amayi akuti muzidula mosamala."

"Mosamala! Ndinati mosamala ine?"

"Nanga amayi, inu mumachenjeza chilichonse. Dzana munati mwana wanga Zipora asadye mango aawisi, dzulo munati ndisakwere basi ya ku Nathenje. Bambo ake a Zipora angoseka."

Sananame. Ndine munthu wamantha. Ndimaopa mphezi, ndimaopa agalu a eni ake, ndimaopa galimoto iliyonse yoima pamudzi. Ana anga ena ndinawaika m'manda ali aang'ono, ndipo kuyambira pamenepo maso anga sapuma. Koma chinthu ukamachinena tsiku ndi tsiku, anthu amaleka kumva.

A Jeremiah, mkamwini wangayo, kwawo ndi ku Nathenje. Anabwera kwathu, kufupi ndi Mitundu, kudzakhala chikamwini. Si munthu waulesi ayi. Ankalima fodya wa chikopa, uja woumitsa ndi utsi, ndipo fodya ameneyo amadya nkhuni zoopsa. Chilimwe cha 1978 anagwetsa katope yense wa m'gombe kuti nkhuni ziumiretu. Anazulanso zitsa, nafesa nazale ya fodya mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kuti asamavutike pothirira.

Loweruka lina kunaima lole ya kukoleji ya zaulimi. Munatsika anyamata ndi atsikana, ena atanyamula zingwe, ena makasu. Masiku amenewo munthu sunkafunsafunsa za alendo obwera pagalimoto.

"Margret, khadi lako lachipani likhale pafupi. Zipora alowe m'nyumba. Anthu a zingwewa abwera kudzayeza malo, atilanda."

Koma mtsikana wina anabwera n'kugwada pamaso panga, nsapato za mphira zili kumapazi.

"Agogo, musaope. Ine ndine Jacinta, ndimaphunzira pakolejipo. Awo ndi aphunzitsi athu, a Efulemu. Loweruka timayenda m'midzi yoyandikana nafe kuona mitsinje. Tili ndi nazale ya mitengo imene timasamalira tokha, ophunzira ndi antchito. Mbande zake timagawa ulere."

Anatsikira kumtsinje, ine n'kuwatsata chapatali. Ndinaima m'nthochi kuti a Jeremiah asandione. Iwo anali akuthirira nazale yawo.

"Achimwene, fodya wanu wamera bwino," anatero a Efulemu. "Koma gombeli latsala lopanda mizu. Mvula isanabwere khomanimo zikhomo, muunjike miyala, mubzale nsenjere. Januwale tidzakubweretserani mbande za mitengo."

A Jeremiah anaika keni pansi.

"Aphunzitsi, ine ndine mkamwini. Dothi ili si langa. Mtengo umatenga zaka. Mawa akandipitikitsa pamudzi pano, ndidzausenza pamutu mpaka ku Nathenje?"

Anyamata ena anaseka. Jacinta sanaseke.

"Nanga ana anu, bambo?"

"Ana ndi akuchikazi, mayi. Kafunseni amalume awo."

Mawu amenewo anandibaya. Zaka zonsezi ndinkaona ngati munthuyu ndi wamakani chabe. M'nthochi muja ndinazindikira kuti nayenso ndi wamantha ngati ine ndemwe. Ankakhala pakhomo pathu ngati munthu wodikira basi. Komabe zikhomo sanakhome, nsenjere sanabzale.

Mu Disembala kunagwa mvula yamphamvu kumtunda. Kwathu inangowaza, koma masana tinamva mtsinje ukulira. A Jeremiah anatenga dengu kuthamangira kunazale kuti akazule mbande zawo madzi asanafike.

"Margret, uwaletse! Gombelo lanyowa!"

Margret anakuwa, koma a Jeremiah anali atafika kale. Ndinaona ndi maso angawa. Anawerama kuti azule, dothi linang'ambika kumbuyo kwawo, ndipo gombe lonse linatsika nawo. Amuna a pamudzi anawavuula ndi nsungwi, matope ali thupi lonse, mwendo wakumanja utathyoka. Anawatengera kuchipatala pangolo. Nazale yonse inapita. Theka la dimba la Margret, limene ndinalandira kwa amayi anga, linasanduka chigwembe.

Anabwerako ndi chikhakha kumwendo. Ankangokhala pakhonde, osayankhula. Margret anandinong'oneza kuti akuganiza zobwerera kwawo akachira, poti awononga malo a eni ake ndipo chaka chino alibe fodya. Apo mantha anga anakula. Mvula inali ikadalipo yambiri, chigwembe chinkakula, ndipo banja la mwana wanga linali pafupi kutha.

Mu Januwale, chakufupi ndi tsiku lobzala mitengo, lole ija inabweranso itadzaza mbande. Ndinaganiza kuti abwera kudzatiseka. Ayi. A Efulemu anavula chipewa, nakhala pansi pakhonde pafupi ndi wodwalayo. Ine ndinali pakona pa nyumba, ndikumva zonse.

"Pepani ndi mwendowu, achimwene. Mawu munanena tsiku lija sindinawaiwale. Inenso ndine mkamwini, ku Likuni. Apongozi anga akandiona amathawira m'chimanga, ngakhale chimangacho chikhale chofika m'mawondo."

A Jeremiah anaseka koyamba chibwerere kuchipatala.

Jacinta anati, "Bambo, alendo enieni ndife ophunzirafe. Pakoleji timangokhala zaka zochepa, kenako tibalalika. Koma mithunzi imene timakhalapo powerenga anabzala anzathu amene sitinawaonepo. Nafenso tikubzalira amene sitidzawaona."

"Zanu n'zabwino, mayi. Inu mudzachoka ndi pepala m'manja, anthu akuombera m'manja. Mkamwini amachoka ndi bulangete lokha."

A Efulemu anakweza mawu pang'ono, podziwa kuti ndili pakona.

"Agogo, mantha a bambowa ndi enieni. Ife tabweretsa mbande, koma mbande sizingawachotse mantha. Mawu owakhazika mtima pansi ali ndi inu eni nthaka."

Ndinatuma Zipora kukaitana mlongo wanga Maliko, amene ndiye mwinimbumba wathu. Atafika, ndinakakhala kumapeto kwa khonde, nkhope nditalozetsa kukhola. Chikwatiwire mwana wanga, ndinali ndisanayankhulepo ndi a Jeremiah popanda wapakati.

"Apongozi, lero sindituma Margret, chifukwa amachepetsa mawu panjira. Mitengo imene mubzale kumtunda ndi yanu. Ukwati ulipo, ndi yanu. Ukwati utatha, mudzabwera ndi ngolo kudzadula, palibe adzakuletseni. Koma ya m'gombe sadzadula munthu, inu kaya ine kaya Maliko."

"Ndamva, ndipo ndavomera pamaso pa alendowa," anatero Maliko. "Akamwini, bzalani."

Margret anaomba m'manja. "Komanso ndani wanena zopitikitsana? Munthu wa mwendo umodzi ndingamuthamangitse bwanji, kuthamanga komwe sangathe?"

Anthu onse anaseka. A Jeremiah anaweramitsa mutu, nati, "Zikomo, apongozi. Aphunzitsi, tiyambire pati?"

Tsiku lomwelo ntchito inayamba. Ophunzira, aphunzitsi awo, ngakhale woyendetsa lole, onse anagwira makasu pamodzi ndi ife. M'gombe tinabzala katope, mbawa ndi nsungwi, pakatipakati nsenjere. M'chigwembe anakhoma zikhomo n'kuunjika miyala kuti dothi lizitsalira. Malaina ndi bulugamu wa nkhuni anati tibzale kumtunda, kutali ndi madzi, chifukwa bulugamu amamwa kwambiri. Jacinta anationetsa kung'amba kachubu kapulasitiki ka mbande popanda kuwononga mizu, natiuza kuti machubuwo tisawataye m'munda, mbuzi zingadye. Pamenepo ndinamukonda mwanayo. Ndinaona kuti nayenso amadziwa kuchenjeza.

A Jeremiah tinawanyamulira kumtsinje pampando. Kukumba sakanatha, koma mbande iliyonse inadutsa m'manja mwawo. Chilimwe chitafika, ndiwo ankathirira ndi keni yomwe ija ya fodya, ndodo ili kudzanja linalo. Mbuzi ikayandikira, mudzi wonse unkamva.

Jacinta anamaliza sukulu, anapita. Sanaone mthunzi wa mtengo ndi umodzi womwe. Koma Loweruka kunkabwerabe ena atsopano, kudzaona yomwe yafa n'kubwezeretsa ina. Akamwini ena a pamudzi pano ataona, anapempha kuti nawonso akazi awo ndi eni mbumba awauze mawu omwe aja. Mabanja ambiri anavomera.

Tsopano papita zaka. Gombe lagwira, chigwembe chinadzaza, ndipo Margret akulimanso mpiru ndi tomato pamene madzi anadya. Nkhuni za fodya zimachokera kumtunda, ndipo akadula umodzi amabzala ina.

Inu anzanga, mverani. Musadule mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, ndiyo imagwira dothi. Wofuna nkhuni abzale zake kumtunda. Ana a kukoleji akabwera ndi mbande musawathawe ngati ndinachitira ine. Ndipo inu eni nthaka, mkamwini muuzeni poyera kuti chimene wabzala adzadya nawo. Munthu amene sakudziwa ngati adzakhalapo mawa amadula, sabzala.

Koma dothi lokha ndilo linabwerera, mwendo sunabwerere. A Jeremiah amayenda chotsimphina mpaka lero, njinga sakweranso, ndipo ku Nathenje amapita pangolo. Mitambo ikamasonkhana, mwendowo umayamba kuwawa mvula isanagwe. Ndiye amaitana mdzukulu wanga n'kunena mokweza kuti ndimve ndili kuseri:

"Zipora, kawauze agogo ako aanule ufa, kukubwera mvula. Ndipo ukanene momwe ndaneneramu. Usakachepetse mawu panjira."