Kadontho Kofiira ka Dokotala Zerihun

Mayi Mulunesh, eni ake a golosale ya pafupi ndi siteji ya mabasi, adamuchenjeza Dokotala Zerihun tsiku lomwelo adafika. Adati magalasiwo avekeni anthu momwe mufunira, golosale ndakubwerekani, koma kanema wake musadzaonetse munthu m'tauni muno, poti kuno nkhani ya maso si yoseweretsa. Dokotala adamwetulira, nayamikira khofi. Ophunzira ake awiri amene adabwera nawo adayang'anana n'kubisa kuseka.

Anali munthu wa mbiri yake. Adabadwira ku Addis Ababa, maphunziro adakathera kunja, ndipo moyo wake wonse adakhala akulondola chinthu chimodzi: munthu akaima m'sitolo, diso lake limayamba kutera pati, ndipo limasiyana bwanji mtundu ndi mtundu. Magalasi akewo anali ndi kakamera kolemba paliponse pamene diso lapita. Adaveka anthu a ku Japan, a ku Holland, a ku Brazil, nalemba mabuku amene ophunzira akewo ankawatchula ngati akutchula mavesi. Chimene chidatsala, iye ankatero, ndi maso a anthu akwawo. Ndipo kulikonse kumene adapita anali ndi mwambo wake: pomaliza ankaitana onse amene adavala magalasi n'kuwaonetsa zimene zapezeka. Ankati kutenga kwa anthu osawabwezera kanthu ndi kuba.

Tiruwork sadafune kuwavala. Anali mayi wachitsikana, mwana mmodzi kumbuyo, Mahlet, wosakwana miyezi ya katemera wa chikuku. Mwamuna wake Molla ankayendetsa lole pamsewu wa ku Djibouti, ndiye iye ankakhala mumpanda umodzi ndi apongozi ake, Mayi Askale. Kwawo kunali kutali, kutsidya kwa mtsinje wa Abay, ndipo agogo ake aakazi anali oumba mbiya. Anthu amati oumba mbiya ndi osula zitsulo ali ndi buda, diso lodya anzawo, lomwe limayenda m'magazi kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Molla ankadziwa za agogowo. Apongozi sadauzidwe, koma kuyambira tsiku limene Tiruwork adamata mtsuko wa khofi wong'aluka bwino lomwe kuposa mmene munthu wamba angamatire, ankamuyang'ana cham'mbali. Tiruwork adakula ndi lamulo la mayi ake: usapenyetsetse munthu akudya, usapenyetsetse mwana wa mwini, mutu pansi nthawi zonse.

Koma amayi onse amene ankamwa nawo khofi adalembetsa, poti aliyense ankalandira sopo ndi botolo la mafuta ophikira. Kukana yekha kukadadzutsa mafunso. Adapita.

Adamuveka magalasi, namuuza kuti alowe agule sopo monga amachitira masiku onse. Kutsogolo kwake pamzere kunali Bizunesh wa nyumba yoyandikana nayo, atabereka mwana wake Eyob. Tiruwork adaweramitsa mutu monga mwa chizolowezi, koma cham'munsimo adaona maso a mwanayo ali psu, akulengeza misozi, ndi timatuza kuseri kwa khutu. Adaganiza za chikuku, adaganiza za Mahlet amene dzulo lake adagonekedwa pamphasa imodzi ndi mwana ameneyu. Adayang'ananso kuti atsimikize. Sadanene kanthu, chifukwa kuuza mayi kuti mwana wake akuoneka wodwala ndi kudziitanira mlandu. Adatola sopo aliyense amene dzanja lidagwira, natuluka.

Lachisanu lake, holo ya pasukulu idadzaza. Pakhoma adapachika nsalu yoyera. Dokotala adafotokoza kuti mayina onse achotsedwa, palibe amene adziwike, ndipo kadontho kofiira kamene kazidzayenda pachithunzi ndilo diso la munthu. Poyamba kudali phwete. Kadontho kena kadalumpha mashelefu onse a sopo n'kukakhazikika pamabotolo a mowa.

"Ameneyo ndi Gashaw," adatero wina kumbuyo. "Madala, sopo simukumuona n'komwe?"

"Sopo samweka, iwe," adayankha Gashaw, holo yonse n'kugwa nacho chiseko.

Ndiye m'mene mayina adachotsedwera. Aliyense ankadziwika ndi manja ake, ndi nsapato zake akayang'ana pansi, ndi chifuwa chake. Bizunesh sadabwere, kudamveka kuti Eyob watentha thupi. Koma mng'ono wake analipo, pabenchi ya kutsogolo.

Pansalupo padaoneka dzanja la Tiruwork, lokhala ndi chipsera cha moto pachala chachikulu. M'kanemamo kamwana kadalira, ndipo amayi angapo adacheuka kuyang'ana Mahlet. Kadontho kadatsika pansi, kadakwera pamsana pa Bizunesh, n'kutera pankhope ya Eyob. Kadachoka pang'ono, kadabwerera. Kadazungulira diso la mwana, kadapita kukhutu, kadabwereranso padiso, n'kukhala pomwepo, phee, ngati ntchentche pachilonda.

Dokotala adaimitsa kanema. Nkhope yake idawala. Adati uyu ndi wochititsa chidwi kuposa onse, chifukwa sopo sadamuyang'ane ngakhale kamodzi. M'mayiko onse amene adayenda sadaonepo diso lokakamira pamunthu chotere.

Mng'ono wa Bizunesh adaimirira, nafunsa mwaulemu ngati makinawo sangalakwitse.

"Ayi mayi," adatero Dokotala. "Makina awa sanama. Pamene pali kadontho ndi pamene pali diso."

Palibe adaseka. Mayi wina adakoka nsalu yake n'kuphimba nkhope ya mwana amene adali pamiyendo pake, wina naye chimodzimodzi, mpaka benchi yonse. Pobwerera kunyumba Mayi Askale adayenda patsogolo, osacheuka.

M'mawa mwake fungo la khofi wokazinga lidachokera kwa oyandikana nawo, koma palibe adabwera kudzaitana Tiruwork. Kumpopi amayi adamupatsa mpata kuti atunge msanga, aliyense mwana wake atamutembenuzira kwina. Masana adabereka Mahlet n'kupita kuhotela kumene Dokotala ankagona. Adamupeza pakhonde akulongedza zida zake. Adamulandira bwino, namukhazika pampando. Tiruwork adapempha chinthu chimodzi chokha: abwerere kwa anthu akanene kuti makina adasokonezeka tsiku lija.

Dokotala adavula magalasi ake owerengera, natikita maso. Ophunzira ake anali atamuuza kale zimene zikunenedwa, ndipo zidamukhudza, izi zinkaoneka. Koma adati zimenezo sangathe. Ntchito ya moyo wake wonse idaima pa mawu akuti makinawa sanama. Akanena bodza pano, ngakhale lothandiza, ndiye zonse zimene adalemba zasanduka chiyani? Adati akhoza kukaima pakhomo la tchalitchi n'kufotokozera anthu kuti kulikonse padziko diso la munthu limakokeka ndi nkhope ya khanda, ali ndi umboni wake.

"Ngati ndi aliyense, bambo, bwanji mudaimitsa wanga yekha?"

Dokotala adangoti chithunzicho achifufuta lero lomwe, sichidzalowa m'buku lililonse. Tiruwork adathokoza, poti adaleredwa choncho, nanyamuka.

Atafika kunyumba adapeza mng'ono wa Bizunesh ndi amayi ena awiri akhala pabwalo ndi apongozi ake. Adamupatsa moni wabwinobwino, kufunsa za Mahlet, za Molla, za msewu wa ku Djibouti. Kenako mng'onoyo adanena chimene adadzera. Eyob wafooka, sakuyamwa. Sadabwere kudzakangana. Akungofuna kachidutswa ka nsalu imene Tiruwork amafunda, akatenthe, amufukize mwana, chimene chamugwira chimusiye.

Tiruwork adaona kuti njira zonse ndi zotseka. Akapereka, ndiye wavomera. Akakana ndipo mwana n'kufa, ndiye wapha.

"Asisi, mwanayo ali ndi chikuku. Thamangirani naye kuchipatala lero lomwe, musadikire mawa. Yang'anani kuseri kwa khutu."

"Kuseri kwa khutu," adabwereza mayi wina, akuyang'ana anzake. "Ife amene timamusambitsa sitinaone. Inu munaona bwanji?"

Mayi Askale adadzuka. Adalowa m'nyumba, natuluka ndi lezala, napita pachingwe pamene Tiruwork adayanika nsalu yake yoyera ya kutchalitchi. Adadula m'mphepete, momwe munali maluwa opeta, napereka kachidutswako ndi manja awiri. Alendo adathokoza, natuluka.

Dzuwa litapendeka apongozi adapempha mwana. Adamukhazika pamiyendo, namuyang'anitsitsa m'maso nthawi yaitali, Mahlet akuwagwira mphuno. Adalankhula motsitsa, opanda ukali. Adati iwo sadana naye Tiruwork, munthu sasankha kobadwira. Koma mwanayu ndi wa Molla, ndipo akadali wamng'ono, diso lake lisanadzuke. Adatumiza kale mawu kumudzi. Mawa mapemphero akatha alamu ake a Tiruwork abwera kudzatenga mwanayo, akamusambitse kumadzi oyera, akakulire kwa azakhali ake. Tiruwork apite kwawo akapume kaye, mpaka anthu aiwale.

"Amayi, mwanayu akuyamwa."

"Kumudzi kuli ng'ombe."

Tiruwork adatuluka kuseri kwa khitchini n'kuimbira Molla. Foni idalira nthawi yaitali. Atayankha, mawu ake ankadukaduka ndi phokoso la malole. Anali atamva kale. Amayi ake adamuimbira m'mawa. Adati asavutike, ndi za masiku ochepa, amvere amayi, iye akabwera akonza zonse. Tiruwork adamufunsa kuti abwera liti. Adati katundu sadatuluke kudoko. Adamufunsanso ngati iye, Molla, akukhulupirira zimene anthu akunena.

"Iwe, kanemayo akuti anthu onse anamuona," adatero Molla.

Tiruwork adabwerera pabwalo. Apongozi anali atayala kale kabulangete pabedi pawo, nati mwana agone kwa iwo kuti azolowere. Tiruwork adagwada, mutu pansi, mawu ofewa. Adati zonse wamva, sakutsutsa, akulu aona patali. Angopempha usiku umodzi wokha kuti amuyamwitse komaliza, chifukwa mabere akadzaza mwadzidzidzi amatupa, ndipo mwana akalira usiku wonse alamu adzamupeza wotopa. Mayi Askale adamuyang'ana, nayang'ana mwana, namupereka.

Kunja kunali kusadade kwenikweni. Tiruwork adaanula matewera onse, ouma ndi anyontho omwe, nalowa nawo m'chipinda chake. Kuseri kwa mpanda, kwa Bizunesh, kunkachokera utsi wa nsalu yopsa ndi kachifuwa kouma ka mwana. Adakhala pabedi, nayang'ana kuseri kwa makutu a Mahlet, lamanja, lamanzere, ndi pamphumi. Panalibe kanthu. Thupi linali lozizira bwino.

Ku Addis kunali mnzake wa kusekondale amene ankasoka zovala, ndipo kumeneko palibe amafunsa kuti agogo ako ankagwira ntchito yanji. Basi yoyamba imanyamuka mabelu a tchalitchi asadalire, nthawi imene Mayi Askale amakhala ali m'tulo tawo tatikulu. Geti la kutsogolo limalira, koma kuseri kwa khitchini kuli mpata umene mbuzi zidaboola. Adamanga matewera m'nsalu yodulidwa ija, naika khadi la kusikelo la mwana pakati, nakankhira mtolowo pansi pa bedi. Nsapato sadavule. Adayamwitsa Mahlet msanga kuti agone, poti ulendo wa pampata uja umafuna mwana wogona.